Mafayilo amene mapulogalamu amadalira tiziwalongedza mwadongosolo

Akonzi,

Tiloleni kadanga m'nyuzipepala yathuyi kuti tikambepo za nkhani imene sikambidwa kawirikawiri, ngakhale imakhudza aliyense amene anaimapo pamzere kubanki, kuchipatala kapena ku ofesi ya sukulu n'kuuzidwa kuti makina akukana. Nthawi zina vuto limakhaladi netiweki kapena magetsi. Koma nthawi zina pulogalamu ya mu kompyutamo imakhala ilibe vuto ayi. Cholakwika chimakhala kafayilo kamene pulogalamuyo imawerenga kuti idziwe zinthu: mndandanda wa maboma, wa masukulu, wa mankhwala, wa masiku a tchuthi, wa misonkho. Ife olemba mapulogalamu timawatcha mafayilo a data. Apa sitikunena data yogula pa foni ija, koma zinthu zimene pulogalamu singadzidziwire yokha, zimene munthu amachita kusonkhanitsa ndi kulemba.

Mfundo yathu ndi yakuti fayilo yotere ndi katundu payokha, ndipo iyenera kumangidwa phukusi lake lokhala ndi dzina, nambala ya version, mwini wake wodziwika ndi chilolezo chogwiritsira ntchito. Isamasokereredwe mkati mwa code, malamulo olembedwa amene amayendetsa pulogalamu, komanso isamayende pa WhatsApp kapena pa flash ili ndi dzina ngati "maboma final yatsopano 2.xlsx", loti palibe angadziwe kuti yoyamba inali iti ndipo chasintha n'chiyani.

Tiyambe ndi mndandanda wosavuta, wa maboma 28 a dziko lino. Wolemba pulogalamu waphuma amangolemba mayina onsewo mkati mwa code n'kumati wamaliza. Komatu maboma amasintha. Neno linali mbali ya Mwanza mpaka mu 2003. Pulogalamu yokhala ndi mayina osokerera mkati ikakumana ndi kusintha kotere, iyenera kutsegulidwa, kukonzedwa, kumangidwanso ndi kuikidwanso pa kompyuta iliyonse imene ili, chifukwa cha mzere umodzi wokha. Palinso kalembedwe. Wina alemba Chikwawa, wina Chikhwawa. Wina Nkhata Bay, wina Nkhatabay, wina NkhataBay. Kwa munthu awa ndi maboma awiri, koma kompyuta imawerenga asanu, ndipo mukaphatikiza malipoti a maofesi osiyanasiyana mupeza kuti dziko lili ndi maboma 31, odwala a boma limodzi atagawikana patatu.

Mankhwala ake ndi oti boma lililonse likhale ndi chizindikiro chosasintha, dzina lizikhala ngati chovala chabe. Zizindikirozi zilipo kale mu ISO 3166-2, mndandanda wa dziko lonse lapansi wa zizindikiro za madera a m'maiko: MW-BL ndi Blantyre, MW-LI ndi Lilongwe, MW-CK ndi Chikwawa, MW-NB ndi Nkhata Bay, MW-NE ndi Neno. Pulogalamu izisunga MW-CK, ndipo dzina iziliwerenga m'fayilo pa nthawi yoonetsa munthu basi. Dziko la Swaziland litasintha dzina kukhala Eswatini mu 2018, chizindikiro chake chinakhalabe SZ, kotero amene ankasunga chizindikiro anangokonza mawu amodzi m'fayilo imodzi. Fayilo ya maboma ikhale ndi kolamu ya chizindikiro, ya dzina lovomerezeka, ya kalembedwe kena kamene anthu amagwiritsa ntchito, ya chigawo, ya tsiku loyambira ndi ya tsiku lothera.

Kolamu yomalizayi ndi yofunika chifukwa mzere wa chinthu chimene chatha sayenera kufufutidwa. Pa 1 Januwale 2013 anzathu a ku Zambia anachotsa maziro atatu pa ndalama yawo, K1,000 yakale n'kukhala K1, ndipo chizindikiro chinachoka pa ZMK kupita pa ZMW. Wongosintha ZMK kukhala ZMW m'fayilo amachititsa kuti lisiti la 2012 lizioneka lokwera mtengo kuwirikiza chikwi. Wofufuta mzere wa ZMK amasiya malisiti akale opanda ndalama yodziwika. Choyenera ndi kusiya mzere wakale, kuulembera tsiku lothera, n'kuwonjezera watsopano pansi pake. Masikuwo azilembedwa poyamba chaka, kenako mwezi, kenako tsiku, monga 2013-01-01. Mukalemba 03/04/2024, kwa ife ndi 3 Epulo, koma kompyuta imene inabwera yotcheredwa mwa Chimereka iwerenga 4 Malichi, ndipo siidandaula chilichonse.

Amene akufuna kuona ntchito imeneyi ikugwiridwa bwino ayang'ane tz database, mndandanda wa nthawi za m'madera a dziko lonse lapansi. Anauyambitsa ndi Arthur David Olson m'zaka za m'ma 1980, akuuyang'anira ndi Paul Eggert, ndipo kuyambira 2011 umasungidwa ndi bungwe la IANA. Aliyense ndi wololedwa kuugwiritsa ntchito ulere. Version yake ndi chaka ndi chilembo, monga 2024a, kenako 2024b. M'menemo muli dzina lakuti Africa/Blantyre, limene limangoloza ku Africa/Maputo, chimodzimodzinso Africa/Lusaka ndi Africa/Harare, chifukwa mawotchi athu akhala akuyendera limodzi. Ife sitisintha mawotchi, koma abale athu a ku London amasintha Lamlungu lomaliza la Malichi ndi la Okutobala, ndiye kusiyana kwathu kumakhala ola limodzi miyezi ina, maola awiri miyezi ina. South Sudan inabweza wotchi ndi ola limodzi pa 1 Febuluwale 2021 n'kufanana nafe. Mu Malichi 2023 boma la Lebanon linalengeza kutangotsala masiku ochepa kuti lachedwetsa kusintha mawotchi, kenako linabweza ganizolo, ndipo 2023b ndi 2023c zinatuluka motsatizana pasanathe sabata. Mapulogalamu amene amawerenga nthawi m'phukusili sanafunike kulembedwanso. Chinasinthidwa ndi phukusi lokha.

Koma kudalira phukusi la ena kuli ndi lamulo lake: muzinena poyera kuti mukulidalira. Pa Linux mafayilowa amakhala mu /usr/share/zoneinfo ndipo amabwera ndi phukusi la tzdata. Library (chida chopangidwa kale chimene mapulogalamu amagwiritsa ntchito) ya zoneinfo, imene inalowa mu version 3.9 ya Python, chinenero cholembera mapulogalamu, imayamba kufufuza kumeneko. Windows ilibe foda imeneyi, ndipo ma image ang'onoang'ono a Docker (mabokosi okonzedweratu oyendetseramo mapulogalamu) monga Alpine sabwera nayo. Pulogalamu imene ikuyenda bwino pa laputopu ya Ubuntu ikafika kumeneko imagwa ndi uthenga wakuti ZoneInfoNotFoundError. Kukonza kwake ndi mzere umodzi, kulemba tzdata pa mndandanda wa zimene pulogalamuyo imafuna kuti iikidwe nazo limodzi.

Tsopano tilowe mkati mwa fayilo, chifukwa kuno chinenero chathu chili ndi misampha yakeyake. Chilembo cha ŵ chija, cha mu Malaŵi, mu Unicode, kaundula wopatsa chilembo chilichonse nambala yake, ndi U+0175, ndipo mu UTF-8, njira yosungira zilembo m'fayilo, chimasungidwa ndi ma byte awiri, C5 ndi B5. Pulogalamu ikawerenga ma byte awiriwa poganiza kuti fayiloyo ndi ya Windows-1252, njira ina yakale yosungira zilembo, imaona zilembo ziwiri, ndipo pa sikirini pamatuluka MalaÅµi. Pamenepa fayilo ikadali bwino, wolakwa ndi wowerenga. Choopsa ndi kuisunga mu Windows-1252, chifukwa m'menemo mulibe ŵ, ndiye chilembocho chimasanduka chizindikiro cha funso kapena w wamba, osabwereranso. Fayilo iliyonse ikhale ya UTF-8, ndipo wotsegula azinena chimenecho. Mu Python, open() yopanda encoding="utf-8" imatsata m'mene kompyutayo inatcheredwera pa ma version ambiri amene akugwira ntchito lero, ndiye zotsatira za pa Linux ndi pa Windows zimasiyana.

Msampha wina ndi wobisika kwambiri. Chilembo chomwechi chikhoza kulembedwa pawiri: ngati chilembo chimodzi U+0175, kapena ngati w wotsatana ndi kadenga kake kapadera, U+0302. M'maso n'zofanana ndendende, koma pofufuza dzina chimodzi sichipeza chinzake. Musanamange phukusi, mawu onse muwadutsitse mu NFC kuti akhale a mtundu umodzi. Palinso ma byte atatu osaoneka, EF BB BF, amene Excel imaika kumayambiriro mukasankha kusunga ngati CSV UTF-8 (CSV ndi tebulo losungidwa ngati mawu wamba). Amenewa amamatirira pa dzina la kolamu yoyamba, ndipo pulogalamu imati kolamu ya "chizindikiro" palibe, chonsecho inu mukuiona. Achotseni pomanga phukusi, kapena werengani ndi utf-8-sig.

Excel yomweyo, mukatsegula CSV pongoidinda kawiri, imaganiza kuti nambala ya foni ndi nambala yowerengera. Ziro wakutsogolo wa 088 kapena 099 amachoka. Nambala yoyamba ndi 265 yokhala ndi manambala 12 imaoneka ngati 2.66E+11, ndipo mukasunga imalembedwa m'mene ikuonekeramo, manambala enawo n'kutayika. Library ya pandas nayo ikaona NA imaganiza kuti malowo ndi opanda kanthu, pamene NA ndi chizindikiro cha Namibia, ndiye dziko lathunthu limasowa pa mndandanda wa SADC pokhapokha mutaika keep_default_na=False. N'chifukwa chake tikuti fayilo yeniyeni, imene ena onse amachokerako, isamakonzedwe mwachisawawa mu spreadsheet. Ikhale CSV kapena JSON yosungidwa mu Git, chida chosunga mbiri ya zosintha, mizere yake yondandalikidwa potsata chizindikiro, kuti kusintha kulikonse kuzioneka mzere ndi mzere pamodzi ndi dzina la wosinthayo. Ngati mndandanda ndi waukulu ndipo pulogalamu ikufuna kufufuza msanga, pangani fayilo ya SQLite, database yokhala m'fayilo imodzi, kuchokera ku CSV yomweyo ndi script (kapulogalamu kakang'ono), osati pamanja, kuti aliyense athe kuipanganso n'kupeza zomwezo. Script yomweyo iziyamba yayeza: kodi mizere ya maboma amene alipo ndi 28, kodi palibe chizindikiro chobwerezedwa, kodi boma lililonse lili ndi chigawo chimodzi mwa zitatu zija. Chimodzi chikalephera, phukusi lisatuluke.

M'phukusimo, pambali pa data, mukhale kalata yofotokoza tanthauzo la kolamu iliyonse, kumene zinthuzo zachokera ndi tsiku limene zinatengedwa. Ena amailemba ngati README, ena ngati datapackage.json kuti makina nawo athe kuiwerenga. Muyezo ndi umene anthu amaiwala kwambiri. Kolamu yongolembedwa "mtengo wa chimanga" siuza munthu ngati ndi wa kilogalamu, wa ndowa kapena wa thumba la makilogalamu 50. Mukhalenso mbiri ya zosintha ndi chilolezo. Fayilo yopanda chilolezo, ngakhale ili poyera pa intaneti, makampani osamala amaopa kuikhudza, ndipo Debian, mtundu wina wa Linux, siingailandire. CC0 imalola chilichonse, CC BY 4.0 imangofuna kuti mwini atchulidwe. Ngati mwatengako malire a madera ku OpenStreetMap, dziwani kuti zimenezo zili pansi pa ODbL, ndipo zofuna za chilolezocho zimakutsatirani. Chilolezo cha code yanu sichiphimba data imene mwaitenga kwa ena.

Za version, tikulangiza manambala awiri. Ina inene za zomwe zili mkati, ndipo chaka ndi mwezi zimakwanira, monga 2025.03. Ina inene za kamangidwe ka fayilo. Kuwonjezera sukulu yatsopano sikuphwanya pulogalamu iliyonse, koma kusintha dzina la kolamu kapena kuichotsa kumaphwanya onse amene amaiwerenga. Pulogalamu poyamba ntchito iziona nambala ya kamangidwe, ndipo ikapeza imene siidziwa ikane ndi uthenga womveka. Kuli bwino kukana kusiyana ndi kuwerenga kolamu ya chigawo ngati dzina la boma n'kudzaza zolakwika m'kaundula kwa mwezi wathunthu. Mu SQLite nambala imeneyi ili ndi malo ake, PRAGMA user_version. Ndipo version ikatuluka yatuluka. Mukapeza cholakwika, tulutsani ina. PyPI ndi npm, nkhokwe za pa intaneti zimene olemba mapulogalamu amatengako maphukusi, salola n'komwe kutumizanso fayilo ya version imene inatuluka kale, ndipo akuchita bwino, chifukwa makompyuta awiri onena kuti ali ndi 2025.03 ayenera kukhala ndi zinthu zofanana.

Chotsimikizira kufananako ndi SHA-256, chidindo cha zilembo ndi manambala 64 chimene chimasinthiratu ngakhale byte imodzi yokha itasintha. Pa Linux mumachipeza ndi sha256sum, pa Windows ndi Get-FileHash. Chenjerani ndi Git pa Windows, imene ikhoza kusintha mathero a mizere kuchoka pa LF kupita pa CRLF pokopera fayilo. M'maso palibe chasintha, koma chidindo sichigwirizananso. Lembani mu .gitattributes kuti mafayilo a CSV azikhala a LF, ndipo a SQLite ndi zithunzi asakhudzidwe. Chidindochi chimangonena kuti fayilo yafika yathunthu. Sichinena kuti anaipanga ndani, ndiye ngati nkhani ndi ya mitengo kapena mankhwala pafunikanso siginecha ya makina.

Kumene olemba mapulogalamu ambiri amapunthwira, makamaka ongoyamba kumene, ndi njira yopezera fayilo. Wina amalemba njira yonse ya pa Desktop ya laputopu yake, yokhala ndi dzina lake lomwe. Wina amadziona wochenjera n'kulemba data/maboma.csv, osadziwa kuti njira imeneyi imawerengedwa kuchokera pa foda imene munthu waima poyendetsa pulogalamu, osati pamene pali code. Pa kompyuta yake zimayenda chifukwa nthawi zonse amaima pamodzimodzi. Mu Python, fayilo ikhale mkati mwa foda ya phukusi, itchulidwe mu pyproject.toml pa gawo la package-data la setuptools, ndipo iziwerengedwa ndi importlib.resources.files(), imene imaipeza kulikonse kumene phukusi laikidwa, ngakhale mkati mwa zip. Ngati library ina ikuumirira njira yeniyeni ya pa disiki, as_file() imaitulutsa pa malo ongoyembekezera. Fayilo imene ili kunja kwa foda ya phukusi ikhoza kulowa mu sdist (phukusi la code yosamangidwa) kudzera mu MANIFEST.in koma osalowa mu wheel (phukusi lomangidwa kale, longoika), pamene wheel ndi imene anthu ambiri amalandira.

Kuyesa kwake n'kosavuta, koma ambiri amakudumpha. Wheel ndi zip chabe, ndiye itseguleni ndi unzip -l muone ndi maso anu ngati fayilo ilimo. Kenako pangani venv yatsopano, malo apadera a Python oikamo maphukusi, ikani wheel ija, chokani mu foda ya code mupite kwina, muyendetse pulogalamu muli kumeneko. Kuyesa ndi pip install -e kumabisa vutoli chifukwa kumawerenga mu foda yanu momwe. Omanga fayilo ya exe ndi PyInstaller akumbukire --add-data, chifukwa iyo imatsata ma import, siimadziwa za CSV yanu. Mu Java nkhani ndi yomweyi. Fayilo ikhale mu src/main/resources ndipo iziwerengedwa ndi getResourceAsStream. Kugwiritsa ntchito new File kumayenda mu IDE, pulogalamu yolemberamo code, koma kumalephera zonse zikalowa mu jar, phukusi la Java. Dziwaninso kuti getResourceAsStream ikasowa fayilo imangobweza null mwakachetechete, ndipo pulogalamu imakagwera patsogolo, kutali ndi pamene pali vuto. Windows imaona Maboma.csv ndi maboma.csv ngati fayilo imodzi, koma Linux ndi mkati mwa jar zimasiyanitsa, ndiye mayina a mafayilo akhale a zilembo zing'onozing'ono, opanda mpata pakati. A Go ali ndi embed kuyambira 1.16, a npm aziona zotuluka ndi npm pack --dry-run.

Pa Android tikhalepo pang'ono, chifukwa ntchito zambiri za kumudzi, za alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi, zimagwiridwa pa foni kumalo kumene netiweki ndi yosadalirika. Zimene zili mu foda ya assets ndi zowerenga zokha, ndipo fayilo ya SQLite iyenera kukopedwa kaye kupita kumalo osungira a pulogalamuyo isanatsegulidwe. Library ya Android yotchedwa Room imachita zimenezi ndi createFromAsset. Koma kukoperako kumachitika pamene database ikupangidwa koyamba. Mukatulutsa pulogalamu yatsopano yokhala ndi mndandanda watsopano osaganizira za mafoni amene ali nayo kale, mafoniwo apitiriza kuwerenga wakale, ndipo atsopano okha ndiwo aona midzi imene mwawonjezera. Wofuna kukonza mwachidule amalamula kuti database ifufutidwe n'kukopedwanso, ndipo ngati m'menemo munalinso zimene mlangizi wakhala akulemba sabata yonse asanatumize, zonse zapita. Choncho mafayilo akhale awiri: ina ya mindandanda, yoti ikhoza kutayidwa n'kubwezeretsedwa nthawi iliyonse, ina ya zolemba za wogwira ntchito, yosakhudzidwa. Linux inasiyanitsa kale zimenezi: zowerenga zokha mu /usr/share, zotchera mu /etc, zosinthasintha mu /var/lib.

Sikuti fayilo iliyonse ifunika phukusi lapadera. Kamndandanda kakang'ono, kosasinthasintha, kogwiritsidwa ntchito ndi pulogalamu imodzi, kakhoza kuyendera limodzi ndi pulogalamuyo. Muipatule ngati ili yaikulu, ngati imasintha pa nthawi yakeyake monga misonkho imene imasintha ndi bajeti, kapena ngati mapulogalamu angapo akuifuna.

Chitsanzo chimene chili pamtima pathu ndi mndandanda wa mawu a Chichewa wokonzera kalembedwe. LibreOffice ndi Firefox zimagwiritsa ntchito Hunspell, imene imafuna mafayilo awiri: ny_MW.dic, yokhala ndi mawu, mzere woyamba uli chiwerengero cha mawuwo, ndi ny_MW.aff, yokhala ndi malamulo a aphatikiri. Awiriwa ayenera kuyendera limodzi, chifukwa zizindikiro zimene zili kumapeto kwa mawu mu .dic zimaloza ku malamulo a mu .aff, ndipo mukasakaniza ma version awiri mupeza mawu olondola akudulidwa mzere wofiira. Mu .aff mukhale SET UTF-8. Chichewa chimaunjika aphatikiri kutsogolo, monga mu ndinakuona, ndi-na-ku-ona, pamene Hunspell mwachibadwa imalola awiri kumapeto ndi mmodzi kutsogolo. COMPLEXPREFIXES imatembenuza zimenezi, koma awiri sakwanirabe, ndiye magulu ngati ndinaku- ayenera kupangidwiratu ndi script. Palinso kankhodolero ka mu ng'ombe ndi m'mudzi. Kiyibodi imalemba kowongoka, U+0027, koma mapulogalamu olembera amakonda kukasintha kukhala kopindika, U+2019. Popanda lamulo la ICONV losandutsa kopindika kukhala kowongoka, ndi WORDCHARS yonena kuti kameneka ndi mbali ya mawu, ng'ombe idzadulidwa pawiri n'kuonedwa ngati yolakwika. Zonsezi zikalongedzedwa mu fayilo ya .oxt, imene nayonso ndi zip yokhala ndi dictionaries.xcu wonena chinenero chake, mphunzitsi wa ku Ntchisi akhoza kuiika pongoidinda kawiri.

Phukusi likamangidwa, liyenera kufika kwa anthu, ndipo kuno bandulo ndi yodula, magetsi amazima osatsanzika. Pulogalamu isamakopere fayilo yonse tsiku lililonse. Iyambe yafunsa seva kafayilo kakang'ono konena version, kukula ndi chidindo, kapena igwiritse ntchito ETag, imene imalola seva kungoyankha 304 ngati palibe chasintha. Ngati chasintha, ikopere ku dzina lina longoyembekezera mu foda yomweyo, ndipo netiweki ikaduka ipitirize pamene inalekera pogwiritsa ntchito Range. Ikamaliza iyeze chidindo, iyeze nambala ya kamangidwe, ndiye pomaliza isinthe dzina kuti yatsopano ilowe m'malo mwa yakale. Kusintha dzina pa disiki imodzi kumachitika kamodzin'kamodzi, kotero magetsi akazima mumatsala ndi yakale yathunthu kapena yatsopano yathunthu. Kulemba pamwamba pa fayilo imene ikugwira ntchito ndi kumene kumasiya theka la mndandanda, mawa lake chipatala n'kutsegula pulogalamu yosadziwa mankhwala oyamba ndi M kupita kutsogolo. Yakale isungidwe kaye kuti pakavuta mubwerereko, ndipo version imene ikugwira ntchito izioneka pa sikirini kuti woimba foni kupempha thandizo athe kuiwerenga.

Phukusi losiyidwa osasinthidwa limaola. Mndandanda wa ma certificate (ziphaso zotsimikizira kuti tsamba la pa intaneti ndi lenileni) amene foni imakhulupirira nawonso ndi fayilo ya data. Pa 30 Sepitembala 2021 certificate yotchedwa DST Root CA X3 inatha nthawi, ndipo makina akale amene mndandanda wawo unalibe ISRG Root X1 anayamba kukana masamba abwinobwino. Mafoni a Android osafika 7.1.1 sanabwere ndi certificate yatsopanoyi, ndipo mafoni otere akadali m'manja mwa anthu. Wopanga pulogalamu ya mafoni akale ayenera kunyamula mndandanda wakewake n'kumausintha, monga a Python amachitira ndi certifi. Chenjezo lina: APK (phukusi la pulogalamu ya Android), jar ndi wheel zonse ndi zip zoti aliyense akhoza kutsegula. Mayina a odwala, manambala a ziphaso za unzika, password ya seva, zisalowe m'phukusi ngakhale ngati zoyesera chabe.

Pempho lathu likupita kwa eni ake mindandandayi: National Statistical Office ku Zomba pa maboma ndi madera a mafumu, MACRA pa manambala a foni ndi ma postcode, Unduna wa Zamaphunziro pa masukulu, wa Zaumoyo pa zipatala, ndi Centre for Language Studies pa mawu. PDF ndi yabwino kwa munthu wowerenga, koma ikakhala yokha, wolemba pulogalamu aliyense amakopera pamanja n'kulowetsamo zolakwika zakezake. Pambali pa PDF pakhale CSV ya UTF-8 yokhala ndi zizindikiro zosasintha, version, chilolezo ndi chidindo, pa adiresi imodzi yosasuntha, ndipo ma version akale asachotsedwe. Aphunzitsi a ku UNIMA, MUBAS, MUST ndi Mzuni aziyesa ntchito za ophunzira pa kompyuta ina, osati pa laputopu ya wophunzirayo.

Poyambira pabwino ndi masiku a tchuthi, amene amafunika powerengera malipiro, ngongole ndi masiku operekera zikalata. Kafayilo kake n'kakang'ono, mizere yosafika 20 pa chaka. Ena ndi okhazikika, monga 15 Januwale la Chilembwe, 3 Malichi la ofera dziko, 14 Meyi la Kamuzu, 6 Julaye la ufulu ndi 15 Okutobala la anakubala. Pasaka amawerengeka pasadakhale. Koma tchuthi chikagwera Loweruka kapena Lamlungu chimasunthidwa, ndipo Eid imadikira kuoneka kwa mwezi, kotero palibe code imene ingailosere motsimikiza. Fayiloyo ikhale ndi kolamu ya tsiku lenileni, ya tsiku lopumira, ndi ina yonena ngati tsikulo latsimikizidwa kapena likuyembekezeredwa chabe. Boma likalengeza, wosunga fayilo asinthe mzere umodziwo, akweze version, atulutse tsiku lomwelo.

Ife,
Olemba mapulogalamu a kompyuta,
Blantyre